Khomo la Ababa Lafiira

Lolemba, 9 Juni
Pulogalamu yatsopano yalowa m'marauta ndi m'maswichi onse a kampani, makina olumikiza makompyuta amene ndimayang'anira ine. Nzeru ngati mfiti. Njira ina ikadzaza imasankha ina yokha, ine ndili phee ndi tiyi wanga. Koma ili ndi kamlomo. Khomo la swichi, kabowo kolowa waya wa kompyuta, likakhalitsa osadutsa kanthu, imalitseka n'kutumiza dzina la mwini wake kwa Abwana. Abwana mano onse panja. Akuti Lachisanu tidziwa amene amangobwera kudzatenthetsa mipando, ndipo alongedza.

Lachiwiri, 10 Juni
Pa mapu a netiweki makomo atatu afiira. Awiri ndi a anthu amene anachoka kale. Lotsalalo ndi la chipinda cha mafayilo. Cha ababa.
Kompyuta yoyaka, koma miyezi yonseyi palibe imelo, palibe chilichonse. Munthu amene ndimakwera naye basi m'mawa uliwonse, tayi pakhosi. Penshoni yawo ndi kumapeto kwa chaka chino. Ndikuopa.

Lachitatu, 11 Juni
Ndinatsikira komweko, ati kukaona waya. Ndinaima pakhomo, iwo maso ali kwa ine, osandizindikira mpaka nditatsokomola. Kenako anandifunsa nthawi, wotchi yaikulu ili pakhoma patsogolo pawo. Mafayilo akupereka mopapasa. Maso achita ng'ala, ine mwana wawo osadziwa.
Amayi ndawapanikiza kukhitchini. Akudziwa kalekale. "Usawafunse. Akungofuna afike Disembala." Ndawauza za Lachisanu, mpeni unagwa m'manja mwawo. Ndakwiya nawo onse awiri, ndakwiyanso ndi makina anga.

Lachinayi, 12 Juni
N'zotheka kulipatula khomo la ababa lija kuti pulogalamu isalione. Kungodina kamodzi. Koma imalemba amene wadina. Wamagalasi, mnzanga wa desiki, wandiona ndikuzungulirazungulira pamenepo: "Ukabisa, mutuluka awiri. Kunyumba adya mawaya?" Zoona. M'nyumbamo olandira malipiro ndife awiri basi, ine ndi ababa.
Chibale ndi fupa, sichiola. Komatu fupa limeneli landiima pakhosi. Chala chakhala pamwamba pa batani mpaka poweruka. Sindinadine. Mawa m'mawa ndidina, kaya zivute zitani. Kapena ayi.

Lachisanu, 13 Juni
Ababa analawira osandidikira. Nditangokhala pa desiki, batani lili patsogolo panga, ndinamva munthu akupapasa chitseko cha chipinda chathu cha maseva, makompyuta aakulu a kampani. Ababa. Waya wa kompyuta yawo m'manja, wokulunga bwinobwino. Amayi anawaululira za Lachisanu.
Anandilozetsa wayawo: "Mayi a netiweki, landirani katundu wa kampani. Kwa Abwana ndapita ndekha. Sindifuna dzina langa litchulidwe ndi makina a mwana wanga."
Za penshoni Abwana akuti akambirana, sanalonjeze kanthu.
Ababa anati ndiwaperekeze, masitepe a kuno sawadziwa. Anandigwira mkono anthu onse akuona, ndipo sanausiye mpaka pamsewu.