Kadontho Kokhala ndi Mchira

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba, wamkamwa uja. Kuno ku Perth tili bwino ndithu. Dzuwa lija latha ukali, mvula yayamba, ndipo m'mawa kukuzizira koti munthu kuchoka m'bulangete umachita kudzikalipira. Papita chaka ndi miyezi isanu chikuikireni m'manda ku Mponela, ndipo aka n'koyamba kuti ndikhale pansi n'kukulemberani.

Mdzukulu wanu Takondwa wandipitirira msinkhu. Chichewa amamva chonse, makamaka nkhani ikakhala ya chakudya, koma poyankha ndi Chingerezi cha m'mphuno chomwe chija munkamuseka nacho. Bambo ake akadali kumgodi, masabata awiri kumeneko, sabata imodzi kunyumba. Kuseri kwa nyumba yathu ku Ellenbrook ndinadzala maungu. Dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha, koma ndinalimbana nalo mpaka tadya nkhwani miyezi itatu, maungu n'kupezapo anayi. Mukanaona mukanati, "Anayi basi? Ndiye mwalima kapena mwasewera?"

Kumudzi akuti mtedza wachita bwino chaka chino. Mng'ono wanga Alinafe anachira, mwana wamkazi, ndipo akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Ndikuti "akuti" chifukwa zonsezi ndamva kwa azakhali. Ine ndi Alinafe tinakhala osayankhulana chichokereni pamaliro anu mpaka Lamulungu lapitali, ndipo wolakwa ndine. Ndi nkhani imeneyi yandikhazika pansi lero, koma mundilole ndiyambire kutali, monga mwa chizolowezi changa.

Amayi, ndinayamba kuwombera mfuti. Musagwire kukamwa, sindinalowe usilikali kapena umbava. Nditabwerako kumaliro, mutu wanga sunkakhazikika. Ndiye a Mulenga, a ku Zambia, anzawo a bambo a Takondwa kumgodi, anatitengera kukalabu yawo yowombera kunja kwa tauni. Kumeneko timawombera mapepala basi, mahedifoni ali m'makutu, woyang'anira ali kumbuyo. Kuti akulole kukhala ndi kamfuti kako kam'manja amakufufuza ngati ukukwatiwa kubanja la mfumu, ndipo kunyumba kamagona m'bokosi lachitsulo lokhomerera kukhoma. Bambo a Takondwa anapita kawiri n'kutopa. Ine ndinakakamira, chifukwa ukamalozetsa suganiza china chilichonse, ngakhale maliro. Ndikudziwa mukanati chiyani: "Mayi wa mwana, namwino wathunthu, kumasewera ndi moto!"

Poyamba ndinkalozera ndi tizitsulo tiwiri ta pamwamba pa mfuti, koma maso ankatopa msanga. A Mulenga anati ndigule chomwe amachitcha redi doti. Ndi kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, komangirira pamwamba pa mfuti. Mkati mwake mumayaka kadontho kofiira ka batire, ndipo pomwe waika kadonthoko ndi pomwe chipolopolo chiyenera kugwera. Anzanga onse ankakatama kuti ngakhale nkhalamba zimamenya pakati.

Koyamba komwe ndinagula kanali kopepuka, kotseguka pamwamba. Nditayang'anamo sindinaone dontho ayi. Ndinaona mbululu, mutu ndi mchira wake wopindikira kumanzere. Tsono munthu ulozetse mutu kapena mchira? Zipolopolo zanga zinkamwazika papepala lonse. Ndinati mwina ndi batire. Batire yake ili pansi, ndiye kuti usinthe uyenera kumasula kagalasi konse, ukabwezera n'kuyambanso kupotokola timasikuluwu mpaka kadontho kagwirizane ndi pomwe chipolopolo chikugwera. Loweruka lathunthu linathera pamenepo, mbululu ili pompo. Ndinapukuta galasi kuwiri konse. Ndinapeza sikuluwu imodzi itakhwefuka, n'kuimanga ndi guluu wake, ndipo zipolopolo zinayamba kuyandikana pang'ono, koma mchira osachoka. Ndinachepetsa kuwala, mchira unafupika, koma ndi dzuwa la kuno kadonthoko kanangosowa.

Mumandidziwa ndikapsa mtima. Ndinabwerera kusitolo n'kukamuimika bambo wogulitsayo pamaso pa makasitomala ake. Iye anasuzumiramo n'kunena mwaulemu kuti akuona kadontho kabwinobwino. Ine ndinamuuza kuti asandione khungu n'kuganiza kuti angandigulitse zowola. Anafiira mpaka m'makutu, n'kundisinthira kena. Kachiwirika kanali kotsekeka mbali zonse ngati bokosi la machesi, kolemerako, koma fumbi silinkalowa, batire yake ya m'mbali yosavuta kusintha, ndipo kadontho kake kokulirapo. Pa zonsezi kanaposa koyamba. Koma mbululu inali momwemo, yangonenepa. Kachitatu ndinabwereka kwa akazi awo a Mulenga, ka dontho lobiriwira, poti ena amati mtundu umenewo sutopetsa maso. Ndinangosintha mtundu wa mbululu.

Loweruka lina masana, ndikudandaula monga mwa nthawi zonse kuti zinthu za masiku ano n'zachinyengo, a Mulenga anatsitsa mahedifoni awo. Anandiuza ndichotse zipolopolo, woyang'anira n'kutsimikiza kuti mfuti ilibe kanthu, kenako anamasula kagalasi kaja n'kundipatsa m'manja.

"Ba sisi, yang'anani mo. Mwauona mchila? Manje zungulutsani ka galasi pang'ono pang'ono."

Ndinazungulitsa. Galasi linatembenuka mpaka chadodolido, koma mchira unali ukulozabe kumanzere.

"Ngati vuto ili mu galasi, mchila uzunguluka pamodzi na galasi," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Ngati waimilila pamodzimodzi, ndiye kuti ni menso yanu."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma anatulutsa foni n'kujambula kadonthoko kudzera m'galasimo. Pachithunzipo kanali kozungulira bwinobwino ngati mkanda. Iwo anaseka, akazi awo anaseka, inenso ndinaseka nawo pang'ono. Kenako ndinalongedza katundu wanga, n'kukakhala m'galimoto osailiza, ndipo ndinalira koti sindinalirepo ngakhale kumanda kwanu.

Ndinakumbukira mawu anu pafoni zaka zitatu zapitazo. Munati, "Esinati, nyali zayamba kuchita maluwa. Galimoto imodzi ikamabwera ndimaona ngati ndi mdipiti wa ukwati." Tinaseka tonse. Ine ndinati ndi magalasi, atha ntchito. Ndinagula ena kuno n'kupatsira munthu wopita kumudzi. Munati sakuthandiza. Ndinatumiza achiwiri, amphamvu kuposa oyamba. Ndinatumiza achitatu, a mafelemu agolide, okhala ndi kabokosi kake. Nthawi zonse munkathokoza, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti maluwa aja akadalipo.

Alinafe anandiimbira payekha. Anati, "Achemwali, si magalasi awa, ndi maso. Amayi akuopa kuchipatala, akuti akawaboola diso. Bwerani mudzawanyengerere, inu amakumverani." Mukudziwa chomwe ndinamuyankha? Ndinati, "Namwino ndani pakati pa iwe ndi ine?" Ndinati ana ake ndi amene akukanda magalasiwo posewera nawo, ndipo iyeyo amawapukuta ndi chitenje chamchenga. Anangoti, "Chabwino, achemwali," n'kudula.

Tsopano ndinene chomwe ndinabisa nthawi yonseyi. Ndinkadziwa, amayi. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba ku Joondalup. Ndaperekeza agogo achizungu osawerengeka kukachotsa ng'ala m'maso. Amapita m'mawa, masana abwerako ndi kapulasitala, pakapita masiku akuwerenga nyuzipepala n'kumadandaula kuti tiyi wazizira. Asanapite, onse amanena zomwe munkanena inu, za nyali zochita maluwa. Mawu anuwo ndinawazindikira tsiku loyamba lomwe. Koma kuvomera kuti ndi maso kunkatanthauza kupempha tchuthi, kusiya Takondwa bambo ake ali kumgodi, kukwera ndege pomwe mapepala athu okhalira kuno anali asanatuluke. Magalasi amakwana mu envulopu. Ndinkadziuza kuti mapepala akatuluka ndipita, Khirisimasi ikafika ndipita. Munkakonda kunena kuti pakadafunda padajiwitsa galu, ine n'kumayesa mukunena anthu ena.

Ndiye linafika tsiku lija, chisisira, mukuchokera kumapemphero a amayi. Munaima m'mbali mwa msewu wa tala, nyali zikubwera, inu n'kuganiza kuti zili kutali. Njinga yamoto inakugundani, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Masabata atatu munagona m'chipatala, Alinafe akukusambitsani, akukutembenuzani, akugona pansi pa bedi lanu. Ine ndinafika mutatseka kale maso.

Ndipo nditalowa m'nyumba ya siwa, fumbi la ulendo likadali kumapazi, azakhali ali pomwepo, amayi a kumpingo adzaza mpaka pakhomo, ndinamuloza chala mng'ono wanga. Ndinakuwa kuti, "Unali kuti iwe? Munthu wosaona bwino unamusiya bwanji kuyenda yekha?" Nyimbo inaima. Alinafe anangofunda chitenje kumutu. Taonani, amayi, ndinati "munthu wosaona bwino", ine yemweyo amene ndinakana pafupifupi zaka ziwiri kuti simukuona. Mlandu wanga ndinausenzetsa iye chifukwa unkandilemera, ndipo ndinasankha malo oti aliyense amve. Munkati mkamwa mwanga mumafika ine ndisananyamuke. Tsiku limenelo munanena zoona.

Sabata yotsatira chionereni chithunzi cha a Mulenga ndinapita kukapimitsa maso. Akuti maso anga sali ozungulira bwino, ndiye kuwala kukalowa kumamwazika. Si matenda oopsa ayi. Anandipatsa magalasi, ndipo nditayang'ana m'kagalasi ka pamfuti, mchira unali utapita. Ndinayesanso ka a Mulenga, kofanana ndi koyamba kaja ndinakabweza, n'kupeza kuti kanalibe vuto lililonse, mwinanso ndi komwe kamandiyenera chifukwa n'kopepuka. Ndinabwerera kusitolo kuja kukapepesa. Bambo uja anangoseka n'kunena kuti si ine woyamba. Pobwerera, ndili pa sitima, manyazi anandigwira. Mzungu wosamudziwa ndamupepesa sabata isanathe, mwana wa mayi anga chaka ndi miyezi ndikungomuyang'ana pa zithunzi za eni.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, kumudzi kuli m'mawa, ndinamuimbira Alinafe. Foni inaitana mpaka ndinati sayankha. Atayankha ndinamva kamwana kakulira chapafupi. Ndinayamba ndi za mfuti, za mbululu, za a Mulenga, kuzungulira monga ndachitira m'kalata muno. Potsiriza ndinafika pa mawu enieniwo. Ndinati, "Nafe, unanena zoona. Anali maso. Ndinkadziwa. Ndinakulakwira, undikhululukire."

Iye anati, "Magalasi anu onse atatu ali mukabati, achemwali. Palibe okandika ngakhale amodzi. Amayi ankawavala mukamaimba foni ya vidiyo yokha, kuti musangalale. Mukadula ankavula, ankati amawachititsa chizungulire."

Amayi, munandichitiranji zimenezi? Ine ndinkakuonani mutavala a golide aja, mukumwetulira, n'kumauza anzanga kuntchito kuti mayi anga ndikuwasamala.

Ndinapepesanso kachiwiri, ndikulira. Alinafe sanalire. Mawu ake anali ofatsa, ngati anu mukakwiya zenizeni. Anati, "Ndamva. Koma munandinyoza pa anthu, achemwali. Mpaka lero ndikamapita kuchigayo pali ena amandiyang'ana ngati ndine ndinapha amayi. Ndiye mukupepesa pafoni, tili awiri?" Mwana analira kwambiri, iye n'kunena kuti akamuyamwitse. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamuumirize.

Chiliza chanu tikumanga mwezi wa Sepitembala. Tchuthi ndapempha kale ndipo andipatsa. Azakhali adzakhalapo, amayi a kumpingo adzakhalapo, onse aja anamva ndikukuwa. Ndikulonjeza, amayi, kuti chakudya chisanagawidwe ndidzaimirira pamaso pawo, pambali pa manda anu, n'kunena mokweza monga ndinakuwira tsiku lija kuti Alinafe anaona vuto lanu msanga, anandiuza, ine namwino n'kukana. Ndidzanena kuti sanakusiyeni, amene anakusiyani ndine. Ndikadzatha ndidzagwada kwa mng'ono wanga. Kaya adzandidzutsa kapena adzandisiya pansi pomwepo, zimenezo n'zake, ndipo ndidzadikira.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Gonani bwino.

Ine mwana wanu,
Esinati