Gemu yathu ndi yokuwa, koma aphunzitsi anga akufuna mabatani

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndimapanga magemu a pa foni ndi mnzanga Alesi. Vuto langa ndi lokoma, koma likundisowetsa mtendere.

Tapanga gemu ya woitanira minibasi. Ilibe mabatani. Umangogwira foni n'kumakuwa kuti, "Tauni! Tauni! Mmodzi yekha tinyamuke!" Ukakuwa mwamphamvu anthu amathamangira minibasi yako, mawu akafooka amakwera ya mnzako. Tinakaiyesera kwa azakhali a Alesi ku Area 43, kumene ngakhale agalu amauwa mwaulemu. Alonda a nyumba yoyandikana anatulukira ndi chibonga poganiza kuti kwalowa akuba. Anachoka madzulo mawu atasasa, akufunsa ngati tibwerenso mawa.

Amene sakugwirizana nazo ndi a Abdulwahab a ku Old Town, bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Iwowa anayamba kupanga magemu ine ndili ku pulayimale. Anaisewera, anakuwa mpaka chisoti chinagwa, anaseka mpaka misozi. Atapuma anati, "Mwanawe, gemu ya pa foni munthu amasewera pa mzere wa ku banki, mwakabisira mu ofesi, kapena mwana atagona. Akuwe pamenepo? Ikani mabatani, apo ayi dzina langa lichokepo."

Alesi sakumva zimenezo. Akuti, "Madala aja anatha fasho, asatibweze m'mbuyo. Tiwasiye basi."

Loweruka tikukaionetsa pa chionetsero cha magemu ku City Centre. Kukuwako ndimakukonda kwambiri, koma kukaima pamaso pa anthu popanda a Abdulwahab kungandiwawe koopsa. Nditani?

S.M., Area 3, Lilongwe

Achemwali a S.M.,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka anzanga muno andicheukira. Choyamba, kukuwako musakuchotse. Gemu imene yachititsa mlonda kuiwala chibonga ndi gemu yamoyo, ndipo ya mabatani okhaokha aliyense ali nayo kale.

Koma a Abdulwahab sananame. Ineyo ndimasewera pa foni m'misonkhano yotopetsa, ndipo tsiku limene ndidzakuwe "Tauni!" abwana akulankhula ndi tsiku lomwe ntchito idzathe. Ganiziraninso munthu wachibwibwi, wosalankhula, kapena wachifuwa. Kodi ameneyo minibasi yake izinyamuka yopanda anthu mpaka kalekale?

Onaninso ichi: bambowa sananene kuti gemuyo ndi yoipa. Munthu wodana ndi chinthu sagwetsa chisoti. Iwo aona magemu okongola akufa chifukwa anthu anawasewera tsiku limodzi n'kuwaiwala, ndipo akuopa kuti yanu itsata njira yomweyo. Ntchito ya wamkulu pa gulu ndi imeneyo, kuona dzenje ena akuyang'ana kumwamba. Koma chiwongolero chili m'manja mwanu, ndipo kuopseza kuchotsa dzina alakwitsa. Auzeni zimenezo mwaulemu.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma inu nthawi yowagonetsa mulibe. Pitani ku Old Town lero lomwe, nokha, Alesi atsale kaye. Musapite kukapepesa, mupite ndi ntchito. Muwauze kuti kukuwa kukhalapo, koma gemu ikufunikanso njira yachete, ndipo amene aipange ndi iwowo, poti mabatani amawadziwa kuposa nonse. Woitanira weniweni mawu akamuthera amamenya chitseko cha minibasi ndi chikhatho. Bwanji wosewera mwakachetechete azigogoda foni ndi chala chimodzimodzi?

Ngati sizitheka pofika Loweruka, kaonetseni yokuwayo, n'kuuza anthu kuti yachete ili m'njira. Ikani mafoni patebulo, inu mutseke pakamwa, muone amene akuthamangira kusewera ndi amene akubwerera m'mbuyo mwamanyazi. Obwerera m'mbuyowo muwafunse chifukwa chake. Mkangano wanu adzauthetsa ndi iwowo.

Chenjezo langa ndi ili: mawu a Alesi aja asafike m'makutu mwa bambowa, ndipo Alesiyo mumuuze kuti nayenso akukula. Gemu ikachita bwino, okuomberani m'manja adzachuluka mpaka mudzasowa powaika. Koma munthu woseka nanu mpaka misozi, kenako n'kukuuzani zoona pamaso, muli naye mmodzi yekha. Musanyamuke asanakwere.

Aphungu