Chitseko Chojambula

9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mumandidula mawu, ndipo zimene ndinene lero zikufuna kuti mumve mpaka kumapeto.

Munandifunsa za magemu ang'onoang'ono amene munatumizira bambo, atatu opangidwa ndi anzanu ndi imodzi yanu. Adokotala ananenadi kuti munthu wodwala sitiroko amathandizidwa ndi chilichonse chogwiritsa ntchito zala ndi maso, choncho tinawayesa onse.

Yothirira dimba ndiyo yabwino pa dzanja: batani limodzi, ndipo sithamangitsa munthu. Vuto lake ilibe mapeto. Tsiku lachitatu bambo anakankha laputopu n'kunena kuti, "Kuthirira, kuthirira. Nanga tikolola liti?" Ya munthu wopereka makalata ili ndi zithunzi zokongola, koma zilembo zake ndi tinyerere. Yoyendetsa sitima inawaseketsa, kungoti ukalakwitsa kamodzi imakubwezera poyambira, ndipo dzanja lonjenjemera limalakwitsa kakhumi pa mphindi imodzi. Tinaisiya.

Tsopano yanu. Nyumba yathu yakale, imene anaigwetsa ija, mwaimanganso monga inalili: sitepe yachitatu yolira, zenera la kukhitchini losatsekeka bwino, macheka ndi nyundo za bambo zili pa misomali yake. Ena atatu aja sangayandikeko. Koma kuti munthu ayende m'nyumbamo pamafunika manja awiri, lamanzere loyendera, lamanja lotembenukira. Dzanja lamanja la bambo silinadzuke, achimwene. Ndinakuuzani kuti likusintha. Silikusintha.

Ndiye zimene mumaona kumeneko, zoti bambo amaliza gawo lachiwiri, amaliza lachinayi, ndine. Ndimalowa pa dzina lawo. Mutatumiza uthenga uja wakuti, "Mdala wayamba kundiposa!" ndinawawerengera, iwo anaseka, ine ndinapita kukatsuka makapu oyera kale. Pepani. Bodza limeneli ndalisunga masabata asanu ndi awiri.

Si kuti gemuyo saiona. Ndikaweruka kuntchito ndimakhala pambali pa bedi lawo, iwo n'kumandilamula ngati akadali ku shedi yawo ya matabwa. "Kumanzere, iwe. Ukuyenda ngati woledzera." Ataona shelefu ya pabalaza anati, "Yapendekeka. Umuuze."

Lachiwiri tinafika kumapeto kwa kolido, pa chitseko cha chipinda cha amayi.

"Tsegula," anatero.

"Sichitseguka, bambo. Anangochijambula."

"Chitseko chimenecho ndinachipachika ndekha. Mahinjesi atatu. Tsegula."

Ndinadina batani kasanu kuti aone okha. Kenako anati, "Kapena mayi ako akuvala. Tidikire." Tinadikira mphindi makumi awiri, ndinali kuyang'ana wotchi. Dzulo tinadikiranso.

Ndawerenga kuti anthu opanga magemu ali okha amasiya zitseko zojambula pofuna kuchepetsa ntchito. Koma munthu amene anajambula ngakhale mng'alu wa m'bafa sanatope. Chipinda chimenecho simunalowemo kuyambira pamene amayi anayamba kudwala, ndipo maliro awo anakupezani kutali. Sindikukuweruzani. Ndangoona kuti m'nyumba yonseyo chitseko chosatseguka n'chimodzi.

Lachisanu adokotala ananditengera pambali. Ati mtima wa bambo wafooka, tiziwerenga masabata, osati miyezi. Ndinafunsa kawiri, yankho silinasinthe.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, konzani kuti munthu aziyenda ndi dzanja limodzi, kuti ayendemo okha ngakhale kamodzi. Chachiwiri mukuchidziwa. Ngati mwaiwala: bedi linali kumanzere, makina osokera pansi pa zenera, mpango wobiriwira pa galasi, nsapato zakuda pansi pa mpando, imodzi itagona chammbali. Amayiwo musawajambule. Bambo adzawaikamo okha.

Ngati simungathe, sindikukakamizani. Koma mubwere mudzawauze nokha kuti n'chojambula, chifukwa ine sakundikhulupirira.

Alamu anu akupereka moni. Bambo ndawafunsa choti ndikulembereni, ati shelefu ija musaiwale, ndiponso ati musathamange, iwo adikira. Mawu omalizawa ndalemba monga anenera, koma inu mwawerenga zimene adokotala ananena.

Ndine mlongo wanu,
amene akudikira nawo pa chitsekopo.