Tsiku Limene Apongozi Anakwera Mvuu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ife kuno tilipo, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo, zimene sizinachitikepo chikuperekezereni kumsitu. Nachisale, mpongozi wanu, wachira. Mwana ndi wamkazi, mphuno yake ndi yanu yomweyo. Koma musayambe kululuta, khalani pansi kaye, chifukwa pali nkhani ya ngolo yanu imene ndikufuna muimve kwa ine, osati kwa amalume akadzakupezani.

Zakumudzi kaye. Mpunga chaka chino wachita, ngakhale mpheta zadyako gawo lawo ngati zinalima nawo. Mlongo wanga Esinati wafolera nyumba yanu ndipo akugonamo ndi ana ake. Mtengo wa mandimu munabzala uja wayamba kubereka. Ku Chipoka usipa wachepa, asodzi akungodandaula mwera.

Tsono za ngolo. Amayi, ndinaigulitsa, pamodzi ndi ng'ombe zake zomwe. Ndinkalephera kuiyang'ana. Ndikangoiona ndinkaona inuyo mutagona pamphasa m'menemo, ine ndikukwapula ng'ombe kuti tikafike kuchipatala ku boma, ng'ombezo zikungoyenda mwa masiku onse. Mudatisiya pa mlambe uja, madenga a ku boma akuoneka chapatali. Nachisale atandiuza kuti ndi woyembekezeranso, ndinakumbukira woyamba uja, amene mudakamuika nokha ndi amayi anzanu asanalire n'komwe. Ndinalumbira kuti wa m'nyumba mwanga sadzapitanso kuchipatala pa liwiro la ng'ombe.

Ndiye ndinagula njinga yamoto. Osati timithuthuthu ta alangizi tija ayi, chinjinga chenicheni, chakuda, champando wautali. Ndinachipeza kwa Che Saidi, makaniko wa ku boma, amene anachigula kwa mzungu wina wa ku Chinguluwe pobwerera kwawo. Che Saidi sanandibisire. Anati, "Wallahi, achimwene, iyi ndi nkhalamba. Imadontha oyilo, imamwa petulo ngati munthu waludzu, ikagwa simungaidzutse nokha. Koma mukaisamala sidzakusiyani panjira." Anandiphunzitsa kutsuka mapulagi, kukunga tcheni, ndi kuiponda kuti ilire. Tsiku loyamba chopondera chija chinabwerera n'kundimenya pamsongolo, moti ndinatsimphina mpaka Lamulungu.

Kumudzi kwa Nachisale ana anaitcha Mvuu, chifukwa cha kunenepa ndi kalilidwe kake, ndipo dzinalo linakhala. Anthu anaseka mpaka misozi. Amalume anayenda ulendo wonse kudzandifunsa ngati mutu wanga ukugwira. Anati, "Ngolo imanyamula mpunga, ng'ombe imadya udzu waulere. Ichi chidzakunyamulira chiyani, fumbi?" Mpunga chaka chino tasenza pamutu, ndipo pamene khosi linkawawa ndinkamva mawu anu aja akuti walira mvula walira matope.

Matopewo ndawaona ndithu. Mvuu yandigwetsa mumchenga kangapo, ulendo wina pamaso pa azimayi ochokera kunyanja. Anatula madengu awo n'kudzandithandiza kuidzutsa, akuseka chikhakhali. Paipi yake ya utsi inandiotcha pamwendo, chipsera chilipo. Choipa koposa chinali pakamwa pa anthu. Anayamba kunena kuti mwamuna wa mthuthuthu sakhala ndi mkazi mmodzi, akuti ndili ndi wina ku Chipoka, wina ku boma. Ine, Amayi? Ine amene ndinkangopita kukagula petulo woti adikire tsiku lake m'chigubu?

Vuto lina anali Nachisale amene analiona, ine ndinali ndisanaliganize. Anandiuza kuti, "Atate, njinga mwagula, koma ndani adzakuuzeni kuti nthawi yakwana? Zachikuta mwamuna sauzidwa. Adzakutumani kumunda, mudzamva zitatha." Ndiye tinapangana. Chitenje chanu chobiriwira chija, chimene mudampatsa atangolowa m'banja, sachichapa wamba, chimakhala m'sutikesi. Anati tsiku limene ndidzachione chili pampanda pa mayi ake, ndisadzafunse munthu.

Ndinachiona masana ena ndikuchokera komweta mpunga, dzuwa lili paliwombo. Chinali chouma gwaa, kusonyeza kuti sichinayanikidwe chifukwa chochapidwa. Chikwakwa ndinachitaya pomwepo. Nachisale anali kunyumba kwa mayi ake kuyambira m'mawa, azimayi atadzaza m'nyumbamo, chitseko chili chotseka.

Inu mukudziwa mmene takhalira ndi apongozi chilowereni ine pamudzi pawo. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire uku, ine kutchire uko. Moni timapatsana wina atanjuta kuseri kwa nkhokwe. Nkhope yawo ndinkaidziwa chakumbali basi. Tsiku limenelo ndinagwada pabwalo pawo n'kumayankhula ndi khoma. Ndinati, "Pepani eni nyumba, ndabwera kudzatenga wodwala."

Anatuluka mayi wina wachikulire, mzamba wa pamudzipo. Anati mwana akuchedwa chifukwa njira ndaitseka ndine ndi maulendo anga. Akuti ndiwatchule onse amene ndayenda nawo, mmodzimmodzi, mwana abadwa. Amayi, ndinapsa mtima. Ndikanatchula ndani? Ndinati ndilibe wotchula, koma ndili ndi njinga, ndipo ndinataya kale mayi wanga ndi mwana wanga chifukwa chochedwa. M'nyumbamo Nachisale anabuula, kubuula kwa munthu amene mphamvu zamuthera.

Pamenepo chitseko chinatseguka, n'kutuluka apongozi. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikhalire. Anati, "Lizani chinthu chanucho."

Ndinaiponda, Mvuu n'kungotsokomola. Ndinaipondanso, zii. Thukuta linangoti kamukamu. Ndinati mumtima, Amayi, ngati mukuona, ndigwireni mwendo. Nditaipondanso inabangula mpaka nkhuku kubalalika.

Atamutulutsa Nachisale tinaona kuti sangakhale yekha. Mutu unali lende, manja opanda mphamvu yondigwira. Panafunika munthu wokhala kumbuyo kwake, womufungatira n'kugwira ine m'chiuno, kuti wodwalayo akhale pakati. Azimayi onse aja anabwerera m'mbuyo, wina akuti ali ndi chizungulire, wina akuti sanakwerepo ngakhale njinga yakapalasa. Apongozi anayang'ana uku ndi uku, anamanga mpango wawo mwamphamvu, anakwinya chitenje, nati, "Manyazi anapha lambe." Mawu anu enieni aja, Amayi! Anakwera chotangadza ngati mnyamata. Anatenga chitenje chanu pampanda paja n'kutikulunga nacho, ine ndi Nachisale, mfundo n'kumanga pamimba panga ndi manja awo. Kenaka anandigwira lamba. Mudzi wonse unangoti kukamwa yasa.

Mpando wautali umene anthu ankauseka uja unatikwana tonse atatu. Ndipo mchenga umene unkandigwetsa ndili ndekha, tsiku limenelo sunatigwedeze. Tayala lakumbuyo linalemedwa n'kugwira pansi, Mvuu n'kumangolima njira. Apongozi ankakuwa m'khutu mwanga njira yonse. Akuti, "Thamangani, bambo!" Tikagunda dzenje akuti, "Mutipha, bambo!" Kenaka akutinso, "Nanga mwachepetseranji?" Anyamata ofunsa makhadi a chipani anali atatchinga msewu ndi chingwe, koma atamva kukuwa kwa apongozi n'kuona mmene Nachisale analili, anachigwetsa okha tisanafike.

Kenaka ndinauona mlambe uja. Nachisale anali atasiya kubuula, mutu wake uli pamsana panga, ndipo sindinkadziwa ngati akupuma. Ndinafuna kuima kuti ndione. Apongozi anandikoka lamba nati, "Ali moyo, ndikumumva mtima. Musaime pano." Kani ankadziwa za mtengowo. Sindinaime. Ndinangoudutsa misozi ikuuluka cham'mbali.

Kuchipatala anamulandira msanga. Mwana anali atagona chopingasa, sakanatuluka ngakhale ndikanatchula akazi a m'boma lonse la Salima. Madokotala anachita kumung'amba Nachisale. Namwino anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono, tikanabwerera ndi maliro awiri. Ine ndinangokhala pansi pakhonde. Apongozi anakhala pabenchi pafupi nane, tinagawana chinangwa chimene anagula pageti, palibe anakumbuka zothawa mnzake.

Panopa onse ali kunyumba. Nachisale akuyenda pang'onopang'ono, bala likupola bwino, mwana akuyamwa ngati walipidwa. Apongozi ayambiranso kundipatukira panjira monga mwa mwambo, koma tsopano amapatuka akuseka. Dzana anatuma uthenga kudzera kwa mwana wawo, akuti Mvuu isamagone panja ingachite dzimbiri, ndiimangire kakhumbi. Amalume nawo anabwera kudzaona mwana. Anaizungulira njingayo, anaisisita pathanki, nati, "Komabe imadya kwambiri." Tsopano aliyense amene ali ndi wodwala amabwera kudzagogoda kwa ine, ndipo sindikana.

Ndimaganizabe kuti Mvuu ikanakhalapo chaka chija, bwenzi mwana uyu mukumusambitsa ndinu. Zimenezo zimandiwawa, sindikubisirani. Koma usiku ndikugona tulo tsopano.

Mwanayo tamutcha Elube, dzina lanu, ndipo akuberekedwa pa chitenje chanu chobiriwira chija. Akalimba khosi ndidzabwera naye kwathu pa Mvuu, pamodzi ndi mayi ake. Tikadzafika pafupi ndi msitu ndidzazimitsa injini n'kuikankha ndi manja, ngakhale ndi yolemera chotere, kuti tisakusokosereni. Limenelo ndi lonjezo langa. Za ngolo musandikwiyire. Ulendo umene unakutherani pa mlambe uja, Amayi, Elube waumaliza.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Binisoni