Kasitomala wa Bambo

Okondedwa achimwene a Eneya,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mzuzu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kupatula bondo la amayi, limene layamba kale kulosera mvula.

Monga mwamva, mlimi wa ku Phalombe sadzakankhanso njinga kupita kumsika, chifukwa msika walowa mu foni. Anatero a bungwe lina amene anadzatiphunzitsa ku Chiringa titangokolola nandolo, ndipo tonse tinawomba m'manja.

Anatipatsa mawu atsopano. Wogula ndi kasitomala. Nandolo akakhala m'nyumba ndi sitoko, ndipo wina akamufuna, imeneyo ndi oda. Pasiwedi ndi chinsinsi chako wekha. Bambo anasankha dzina la amayi, n'kuuza mudzi wonse kuti uone chikondi.

Tsiku lomaliza mphunzitsi anatumiza uthenga woyeserera ku mafoni athu onse, woti a Goodman a ku Limbe aika oda ya nandolo wathu yense. Anafotokoza kuti a Goodman kulibe, ndi dzina lophunzirira chabe. Nthawi imeneyo bambo anali atatuluka kukasuntha njinga padzuwa.

Kuyambira pamenepo akudikira. Masana aliwonse amakwera pachulu paja pamene pamagwira netiweki, nkhope italoza kuphiri la Michesi, foni ili pabondo. Amati galimoto ya a Goodman idzatulukira pampata wa Fort Lister, fumbi lili kumbuyo, ndipo idzabwera ndi malata. Adula kale nthambi za mango kuti idzadutse bwino. Mavenda a sikelo amawabweza mwaulemu, amvekere sitoko ili ndi mwini wake.

Sindinawaonepo akusangalala chonchi, achimwene. Amatchula mawu aja pang'onopang'ono ngati akulawa uchi. Tsiku lina ndinakhala nawo pachulupo, mitambo ikutsetsereka paphiri, ndipo inenso ndinamva ngati injini ikulira kutali. Chinali chigayo.

Ndawauza zoona kangapo. Amayankha kuti Fomu 4 yanga inandiphunzitsa kukayika basi, ndipo bizinesi imafuna munthu wa mtima wautali.

Koma anankafumbwe sanapite nawo kumaphunziro. Ukaika khutu pathumba umawamva akugwira ntchito. Nandolo ameneyu ndiye feteleza wathu wa chaka chino, ndipo mvula sili kutali.

Chonde aimbireni. Inu amakumverani. Muimbe masana, ali pachulu, ndipo musawaseke. Ngati pali njira yowauzira osawalanda nkhope imeneyi, inu ndi amene mungaipeze. Ine yandikanika.

Mundiperekere moni kwa alamu a Shakira ndi kamwana kathu Lekani. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Zelifa

Kalatayi ndikaipereka kwa a minibasi ku Chiringa mawa. Amayi amanga kale thumba loyamba la nandolo panjinga, ndipo ndikankha ndine.