Zilembo Zikuluzikulu pa Kompyuta ya Tato

Kitchener, Ontario
12 Novembala

Tato, bambo anga okondedwa,

Landirani moni wanga kuchokera kuno ku Kitchener. Mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likumavutabe kukazizira? Ndamva kuti ku Canora chipale chofewa chagwa kale kawiri, ndiye ndikhulupirira kuti mchimwene wanga Myron anabwera kudzaona makina otenthetsera nyumba monga analonjezera. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhala m'malo.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa ine, amene ndimakusekani mukamapita ku positi ndi makhadi anu. Mudabwanso ndi kukula kwa zilembozi. Ndachita dala, ndipo chifukwa chake muchipeza mukapirira nane mpaka kumapeto. Iyi ndi kalata yachinayi. Zitatu zinazo zili m'bini.

Za kuno si zambiri. Ku ntchito atisamutsira ku nyumba ina yaing'ono, madesiki ndi ochepa kuposa anthu, moti wofika mochedwa amakagwirira pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anthu akunong'onezana kuti chaka chikamatha ena achotsedwa. Ine sindidziwa ngati ndili m'gulu limenelo, ndipo ndadabwa kuona kuti sizikundidetsa nkhawa kwenikweni. Njinga yanga anaiba chishalo chokha, njingayo n'kuisiya. Masiku ano ndikumayenda wapansi, ndipo nthawi zina ndimapitirira pakhomo panga, n'kuzungulira msewu wonse kachiwiri, chifukwa ndikalowa m'nyumba sindikhazikika.

Mukukumbukira kagulu kathu ka Loweruka masana, kamene mumakatcha mpingo wa mawaya? Tikukumanabe m'garaja ya Colleen, mayi uja anagwira ntchito yokonza mawaya a telefoni zaka makumi atatu asanapume. Timakonza makompyuta akale n'kukapereka kwa amene alibe, koma kunena zoona ntchito imachepa, pakamwa ndiye pamachuluka. Loweruka lapitali tinalipo anayi: Colleen, Parvez, Thibault ndi ine.

Parvez ndi uja amagula chilichonse chikangotuluka. Anabwera ndi madonati, komanso nkhani yoti filiji yake yatsopano imamutumizira uthenga pafoni mkaka ukatsala pang'ono. Thibault, amene amamata tepi pa kamera iliyonse ndipo foni yake ndi ya mabatani, anamuyang'ana ngati waona munthu wodwala.

"Iwe Parvez, filiji yakoyo ikukudziwa kuposa mkazi wako. Mawa ikaneneza kwa a inshulansi kuti umadya tchizi wambiri."

"Bola iyo imandikumbutsa mwaulemu," anatero Parvez. "Iwe kunyumba kwako amakukumbutsa ndi fungo."

Kuchoka apo analowa nkhani ya mapulogalamu aja amene amayankha ngati munthu. Parvez akuti pofika zaka zisanu palibenso amene adzalembe pulogalamu ndi manja ake, tonsefe tidzakhala oweta makina basi. Thibault akuti anafunsa pulogalamu ina yotere njira yopita kwawo, inamunamiza nkhope ili gwa ngati amalume ake ogulitsa magalimoto akale. Anakanganaponso za mitengo ya zinthu m'sitolo, za andale, za magalimoto atsopano amene akuti amasunga paliponse pamene wapita. Colleen anangoti ana inu mukanakhala kuti mumagwira ntchito ndi pakamwa, bwenzi m'garaja muno mulibenso kompyuta yakufa. Ine ndinali phee, ndikumasula masikuluwu, monga mwa nthawi zonse. Amandizolowera choncho.

Kenako nkhani inafika pa makolo. Aliyense wa ife ndi amene amakonzera makolo ake kompyuta, ndipo tonse tinaika kapulogalamu kotithandiza kulowa m'kompyuta yawo tili kutali. Parvez anatiseketsa ndi za mayi ake, amene akuti amatsegula masamba a pa intaneti makumi asanu n'kumadandaula kuti makina akuchedwa. Thibault anati iye lamulo lake ndi limodzi: amayamba waimba foni, mayi ake adine okha batani lovomereza, ndipo akamaliza amatuluka iwo akuona. Akuti kulowa osagogoda ndi umbava, ngakhale nyumbayo ikhale imene unabadwiramo.

Tato, apa ndi pamene makalata atatu aja anathera. Ndiyesa kungolemba mmene zinachitikira.

Nditabwera pa Isitala ndinakuikirani kapulogalamu komweko. Mukukumbukira kuti poyamba ndikafuna kulowa munkayenera kudina batani lobiriwira. Munkachedwa kulipeza. Ine pafoni ndinkati lili pomwepo pakona, Tato, lobiriwira, mukulephera bwanji kuliona, inu n'kumati mukufunafuna magalasi. Ndinkapsa mtima, ndipo ndikudziwa kuti munkamva m'mawu anga. Mwezi wa Meyi ndinasintha kuti ndizilowa popanda inu kuvomereza. Sindinakuuzeni. Ndinadziuza kuti ndikukupeputsirani ntchito, koma amene ndinkamupeputsira ndi ine ndemwe.

Lamulungu la pa 2 Novembala m'mawa, nthawi imene ndinadziwa kuti muli ku tchalitchi, ndinalowa kuti ndikonze zina ndi zina. Ndinapeza zilembo mwazikulitsa mpaka mawu anayi okha akudzaza sikirini yonse. Kamuvi kolozera kanali kakukulu ngati supuni. Sindine amene ndinachita zimenezo, ndiye kuti munafufuza nokha mmene amakulitsira, inu amene mumati simudziwa kanthu za makina.

Ndikanakonda kunena kuti ma imelo anu anali otsegula kale. Sanali otsegula. Ndinatsegula ndine.

Ndinawerenga makalata ochokera kwa dokotala wa maso ku Regina. Ndadziwa tsopano kuti muli ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo dokotala anakulangizani kuti musayendetse galimoto mtunda wautali kapena kukayamba kuda mpaka atakuchitani opaleshoni. Ndadziwa kuti anakupatsani tsiku mu Juni, inu n'kulikana, anakupatsani lina mu Seputembala, n'kulikananso. Ndinawerenganso yankho lanu. Munalemba kuti palibe wokuperekezani sabata imeneyo, ana ali ndi zochita zambiri.

Myron ali ku Yorkton, ulendo wosakwana ola limodzi. Ndikudziwa kuti Juni ndi Seputembala ndi miyezi imene iye sagona ndi za kumunda, ndipo ndikudziwa kuti inu mungalole kutafuna mwala kusiyana ndi kumuchotsa pa thirakitala. Koma ine simunandifunse n'komwe. Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake, ndipo nthawi zonse ndimabwerera ku batani lobiriwira lija. Munthu amene amakalipa chifukwa cha mphindi ziwiri, ungamupemphe bwanji masiku atatu?

Madzulo a tsiku lomwelo tinalankhula pafoni. Munandiuza kuti munapita ku Preeceville kukadya kwa Azakhali Lesia, ndipo pobwerera, mukuyendetsa nokha galimoto, dzuwa linali litalowa, agwape ali mbwee m'mbali mwa msewu. Munaseka. Inenso ndinaseka, dzanja lili pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo foni ikalira nthawi yachilendo ndimayamba ndayang'ana ngati ndi nambala ya Myron.

Pali chinanso. Ndinalowanso kawiri pambuyo pake, kukaona ngati tsiku latsopano limene dokotala anakupatsani, la pa 3 Disembala, mwalikananso. Nthawi zonse ziwirizo ndinkati aka n'komaliza.

Ndiye m'garaja muja, Thibault atanena za umbava, ndinapezeka ndalankhula. Ndinati pali mnzanga wina wa ku ntchito amene zamuchitikira zakutizakuti, ndipo ndinafotokoza zonse. Thibault sanachedwe. Akuti mnzangayo walakwa ndipo palibe chomukometsera, munthu ali ndi ufulu wobisa matenda ake ngakhale kwa ana ake, ndiye atseke pakamwa n'kuiwala. Parvez akuti zimenezo ndi za m'mabuku, nkhalamba ikagunda gwape ufuluwo sukaikoka m'ngalande. Nzeru yake inali yoti mnzangayo angogula tikiti, afike ngati wangobwera kudzacheza, ndipo tsiku la dokotala likakwana achite ngati wadabwa. Akuti palibe amene angadziwe, aliyense asangalala.

Colleen anawasiya akangane mpaka khofi atazizira. Kenako anati nthawi imene ankakwera mapolo, akalumikiza foni yake pa waya kuti ayese, ankamva anthu akulankhula, ena za ngongole, ena za zibwenzi, ndipo lamulo linali loti zimene wamva pa polo zimatsala pa polo. Koma akuti lamulo limenelo linali la anthu osawadziwa.

"Kumva wamva kale, sungabweze m'khutu," anatero. "Chatsala n'choti uwonjezerepo bodza kapena ayi. Komanso Zenia, mwanawe, mnzakoyo umuuze kuti wakhala akumasula sikuluwu imodzimodziyo kwa mphindi khumi."

Apo onse anazindikira kuti mnzangayo ndi ine ndemwe. Thibault anafiira nkhope, n'kuyamba kupepesa kuti sanadziwe, koma ndinamuuza kuti asabweze mawu chifukwa ananena zoona. Parvez anandikankhira bokosi la madonati, donati lomaliza lili momwemo, iye amene salisiyira munthu.

Sindikubisirani, njira ya Parvez inandikoka masiku atatu. Ndi yosavuta, ndipo simukanakhumudwa. Koma ndikanakhala nanu m'galimoto maola awiri ndi theka kupita ku Regina, inu mukuganiza kuti mwana wanu wangokusowani, ine ndikudziwa kuti ndinasanthula m'makalata anu. Ndipo ulendo wina mukadzabisanso kanthu, ndikanalowanso. Ndimadzidziwa. Mwina ndikulakwitsanso polemba kalatayi, mwina Thibault ndiye akulondola, ndipo ndikungofuna kutula katundu wanga pa inu. Ndaziganizira mpaka mutu kuwawa, yankho sindinalipeze. Chimene ndaona n'choti masiku akutha, ndipo pakadafunda padajiwitsa.

Pepani, Tato. Pepani chifukwa cholowa osagogoda, komanso chifukwa cha mawu aja a pafoni. Mukakwiya muli ndi chifukwa, ndipo sindikupemphani kuti mkwiyowo uthe msanga.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Tsiku la pa 3 Disembala musalikane. Ndatenga tchuthi cha masiku khumi, ndipo tikiti ndagula kale. Nditera ku Regina Lolemba pa 1, ndibwereka galimoto pa bwalo la ndege, ndifika kwanu kusanade. Lachitatu ndikuperekezani, ndikudikirani, ndikubweretsani kunyumba, ndipo mankhwala odontheza m'maso ndizikuthirani ndine. Diso lachiwiri likadzapatsidwa tsiku lake, tidzakambirana ndi Myron kuti apite ndani. Ngati simukufuna kundilankhula ulendo wonsewo, palibe kanthu, tiyatsa wailesi. Mukhoza kundikwiyira muli pampando wa pambali.

Myron sindinamuuze kalikonse, Azakhali Lesia chimodzimodzi. Nkhaniyi ndi yanu, muwauza nokha mukafuna.

Lero m'mawa ndinalowa m'kompyuta yanu komaliza, ndipo sindinakhudze china chilichonse koma kuchotsa kapulogalamu kaja. Mukayang'ana pakona mupeza kachizindikiro kake palibe. Makina akadzavuta tizidzachita ngati kale, inu kuwerenga zimene zalembedwa, ine kumvetsera, ngakhale zitenge ola lathunthu. Ndiye kuti kuyambira lero sindingathenso kudziwa ngati tsiku lija mwalisunga kapena mwalikana. Ndidzadziwa pokhapokha mutandiuza nokha. Mukapanda kuimba, ine ndibwerabe pa 1, ndipo ndidzaima pakhomo mpaka mutanditsegulira.

Mundiperekere moni kwa mchimwene wanga Myron ndi mlamu wanga Darlene, ndi adzukulu anu awiri aja, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Moni kwa Azakhali Lesia, ndi kwa Bambo Semeniuk oyandikana nanu, amene ndikhulupirira akukuthandizanibe kukankha chipale pakhomo. Mukapita kumanda kwa Mama, mupite masana, ndipo wina akutengeni.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene akudikira foni yanu,

Zenia