Mbale ya Bambo ya Lachisanu

Lachisanu, 7 Malichi

Mitengo yakweranso ku lesitilanti ya pafupi ndi chipatala. Kachitatu chiyambire chaka. Menyu watsopano sanasindikize, angomata timapepala pamwamba pa mitengo yakale. Ndinakanda ndi chikhadabo: pansi pake pali kena, pansi pa kenako kenanso.

Mbale ziwiri za mpunga ndi nkhuku, makapu awiri a tiyi. Ndalama yomweyo kunyumba ndi mazira a mlungu wathunthu, mkaka ndi nyemba zomwe. Amuna anga nditawaonetsa lisiti: "Nkhuku imeneyi inapita ku yunivesite?"

Takhala tikudya kumeneko Lachisanu lililonse, ine ndi bambo anga, akatuluka ku mafizo olimbitsa ziwalo kuchipatalako. Patha miyezi isanu chiwagwirire sitiroko. Mwendo ukubwerera. Dzanja lamanja likadali lofooka. Chondidetsa nkhawa ndi sikelo. Asanadwale, makilo 67. Lero 58. Adokotala akuti akatsika kupitirira 55 tiyamba kukamba za kapaipi kodyetsera ka m'mphuno. Bambo anamva. Anangoyang'ana pazenera.

Mfundo yanga ndi yosavuta. Ndalamayo igule chakudya cha masiku asanu ndi awiri, osati cha ola limodzi. Lero linali Lachisanu lomaliza kudyera kumeneko.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndawauza Bambo, ndi manambala omwe. Sanatsutse. Zaka makumi anayi pa makina osokera, masamu amawadziwa. "Nsalu ikachepa, mwana wanga, umasoka malaya a manja aafupi." Basi. Anapempha wailesi.

Bola akanakwiyako pang'ono.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndaphika ndekha. Nkhuku, mpunga, supu wa tomato. Mosadzitama, zoposa za ku lesitilanti, pa theka la mtengo. Nyama ndinawadulira tizidutswa ting'onoting'ono. Thaulo pachifuwa. Supuni ya chogwirira chonenepa ija ndinagula ku famase kuntchito kwathu. Amuna anga mbali iyi, ine mbali inayo. Iwo akunyengerera: "Kamodzinso, apongozi, nkhukuyi ingadandaule."

Adya masupuni asanu ndi anayi. Ndinawerenga.

Lachinayi, 20 Malichi

57.1.

Mlungu wonse pa nthawi ya nkhomaliro ndakhala ndikuwerenga za odwala sitiroko osafuna kudya. Zifukwa zitatu zikubwerezedwa: kuvutika kumeza, kusamva kukoma, kusweka mtima. Kumeza anawayeza Lachiwiri, kuli bwino. Kukoma akumva: dzulo adandaula kuti tiyi wachepa shuga. Chachitatucho chilibe sikelo.

Achemwali anga pafoni akuti ndiwagulire mankhwala opatsa njala. Ndimagulitsa tsiku ndi tsiku mankhwala amenewo. Ndikudziwa zomwe amachita, ndi zomwe sachita.

Lachisanu, 28 Malichi

56.4. Kwatsala kilo imodzi ndi theka losakwana.

Mayi a mafizo anandiuza kalekale kuti ndizilemba kumbuyo kwa kabuku ka kuchipatala ka Bambo mmene adyera tsiku lililonse. Ndakhala ndikulemba osawerenga. Lero podikira ndinabwerera masamba mpaka Januwale. Theka. Kotala. Theka. Akana. Mawu oti "amaliza" ndawapeza kasanu ndi kanayi. Konseko Lachisanu. Komaliza pa 7 Malichi.

Manyazi. Umboni unali m'chikwama changa nthawi yonseyi.

Koma ndisathamange. Mwina ndi njala yobwera ndi mafizo? Ayi. Ku mafizo akupitabe, mbale ikubwererabe yodzaza. Mwina mchere ndi mafuta a kumeneko. Zimenezo zikhoza kuyesedwa.

Loweruka, 29 Malichi

Ndagula mbale imodzi ku lesitilanti komweko, yonyamula. Ndafika nayo ikadali yotentha. Thaulo, supuni, tonse patebulo. Adya zosakwana theka. Zotsalazo amaliza ndi amuna anga, akuti sayansi isawonongetse nkhuku.

Ndiye si chakudyacho.

Lachisanu, 4 Epulo

Tabwererako. Ine tiyi yekha, ndi maso.

Woperekera zakudya ndi yemwe uja wa imvi, amene Bambo amamutcha Sajeni chifukwa cha mayendedwe ake. Atangotiona: "A Telala! Tinkayesa mwatisudzula." Bambo osachedwa: "Ndinamva kuti nkhuku zanu mukuzigulitsa pa mtengo wa mbuzi." Kenako, maso ali pa miyendo yake: "Thalauza limeneli anakusokerani magetsi atazima?" Mwezi wathunthu kunyumba sindinawamve akulankhula mawu ochuluka chonchi.

Menyu anawerenga okha mpaka pansi, n'kusankha zomwe amasankha nthawi zonse. Sajeni anaika mbale, foloko, mpeni, n'kumapita. Osadula nyama. Osayala thaulo. Osafunsa ngati akwanitsa.

Foloko ku dzanja lamanzere. Mpunga wina pansi. Ntchafu ya nkhuku inkathawathawa m'mbale, ndipo dzanja langa linali litanyamuka kale pamene Sajeni, akudutsa ndi thireyi, anandinong'oneza: "Asiyeni, achemwali. Yafa kale imeneyo, sipita patali." Ndinabweza dzanja. Mpamene ndinaona. Dzanja lawo lamanja lija, lomwe ku mafizo limakana kufinya kampira, linakwera patebulo pang'onopang'ono n'kupanikiza fupa ndi chibakera. Mpaka nyama inatha.

Mphindi makumi asanu. Mbale mbee.

Bwanji sindinazione kale zimenezi? Yankho lake silokoma. Masiku onse aja ndinkakhala ndi foni m'manja, kuyankha za kuntchito, popeza ndinkakhala nditathawako masana onse. Ankadya chifukwa sindinkawayang'ana.

Pobwerera ndinawafunsa mosapita m'mbali. Anati: "Kunyumba kwako sindidya, mwana wanga, ndimalemba mayeso. Oyang'anira awiri, wolemba mmodzi."

Panalibe cholakwika m'mawuwo.

Lamlungu, 6 Epulo

Malamulo atsopano, ndipo ndi a ife, osati a Bambo. Thaulo labwerera kubafa. Nyama yosadula. Wowerenga masupuni wachotsedwa ntchito.

Amuna anga zawavuta kuposa ine. Ndinachita kuwaponda phazi kawiri pansi pa tebulo. Posowa poika maso anayambitsa mkangano wa mpira, n'kumanena dala zabodza. Bambo anawakonza m'kamwa muli modzaza.

Adya magawo awiri mwa atatu. Malaya ochapa awonjezeka. Ndichapa.

Lachitatu, 9 Epulo

Funso la ndalama likadalipo. Amuna anga analifunsa Lolemba, ndipo ndi funso labwino: ngati mankhwala ake ndi kusawayang'ana, ndipo kusayang'ana n'kwaulere, ku lesitilanti tikukalipira chiyani?

Ndaliganizira masiku awiri. Kunyumba tikhoza kuchita ngati sitikuona, koma Bambo si mwana, akudziwa kuti tikuchita dala. Sajeni sachita dala. Ali ndi matebulo khumi ndi awiri. Kwa ife Bambo ndi wodwala. Kwa iye ndi kasitomala wovuta, wodandaula mitengo, wochedwa kuchoka patebulo. Zimenezo m'khitchini mwanga sindingaziphike.

Tamvana chonchi: mbale imodzi Lachisanu lililonse. Ine tiyi. Masiku ena onse ndizinyamula nkhomaliro yanga popita kuntchito m'malo mogula. Zikukwanirana, mopanda kutsala kanthu. Mitengo ikakweranso tidzakhalanso pansi.

Achemwali akuti tikuwononga. Ndawatumizira chithunzi cha masamba a kabuku kaja. Madzulo angotumiza ndalama ya nkhuku ziwiri.

Lachisanu, 25 Epulo

57.2. Zochepa, koma n'koyamba kukwera chiyambire kudwala. Ndinapempha kuti ayezenso. 57.2. Adokotala za kapaipi sanatchule, ine sindinawakumbutse.

Dzulo anamanga okha mabatani atatu a malaya. Pa batani lachinayi anandiitana, koma mwamwano, ngati kale.

Lero ndi tiyi amene wakwera mtengo. Bambo ndi amene anaona. Anadikira mpaka amalize kudya, n'kundibwezera masamu anga omwe: "Tiyi wakoyu ndi ndalama yotayika. Ukulipira kuti uziyang'ana khoma, khosi lili gwa. Lachisanu undisiye pakhomo, ubwere pakatha ola."

Okha. Chiyambire Okutobala sanakhalepo okha kunja kwa nyumba.

Ndaunika zoopsa zake moona mtima. Masitepe awiri pakhomo, chogwirira chilipo. Kumeza kuli bwino. Nambala yanga Sajeni ali nayo. Chipatala ndi mphindi zitatu wapansi. Chifukwa chomveka chokanira palibe. Ndavomera.

Tsidya lina la msewu pali benchi. Ukakhalapo zenera la lesitilanti limaoneka lonse, ndi tebulo lawo lomwe. Ndinayesa potuluka.

Sindikhalapo.

Ndikuganiza kuti sindikhalapo.